Tsiku limene ndinatsuka migolo ya a Yosefe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chosamwa mowa. Azakhali anamva kuti mzungu wina wa ku Beljiyamu, amene ankalima ku Madzimoyo, akufuna womuthandiza kufulula mowa wakwawo. Amuna awiri anali atachotsedwa kale chifukwa cholawa mopitirira muyeso. Ine, mwana wamkazi wa aphunzitsi, wa kwaya, ndinangolowa. Kwa atate tinanena kuti ndi ntchito ya thobwa.

Bwanayo tinkawatchula a Yosefe. Tinkaviika chimera m'madzi otentha, kusefa, kuwiritsa madziwo, kenako kuwathira m'chibeseni chachikulu pawindo osavundikira. Akazizira tinkawathira m'migolo iwiri yamatabwa. A Yosefe ankangoti, "Esinati, migoloyi uziisamala." Zambiri sanandiuze, inenso sindinafunse.

Atapita ku Lusaka, ndinatsegula mgolo umodzi. Mayo ine! Pamwamba panali chinthu choyera ngati chuku. Ndinaviika chala n'kulawa: kuwawasa kuposa bwemba. Mowa wasasa uli m'manja mwanga, pamene Loweruka lotsatira kukubwera alendo awo odzaulawa! Ndinataya wonse m'ngalande, migolo yonse iwiri n'kuikwecha ndi sopo, mchenga ndi madzi otentha, monga anandiphunzitsira amayi. Inawala, ndinanyadira.

A Yosefe atabwera anasuzumira mumgolo, n'kukhala pansi, pafumbi penipeni.

"Chaka chathunthu," anatero ndi Chinyanja chawo chopindika. "Ndimadikira kuti usase. Tizilombo tosasitsa timakhala m'matabwamo. Wapha tonse."

Ndinayesa akuseka. Munthu n'kudikira chaka kuti mowa uwonongeke? Koma misozi inali m'maso mwawo. Anati Loweruka likadutsa tikambirana za ntchito yanga. Ndinamva manyazi, ndinaopanso kubwerera kwa atate, amene akanafunsa kuti thobwa lalakwa chiyani.

M'mawa ndinakwera njinga mpaka ku Nabvutika kwa amayi Zulu, amene ankafulula masese. Nditawafotokozera, anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Iwe mwana, mbiya ya mowa amaitsuka ndi sopo? Wapemphera kwambiri eti?"

Atatha kuseka anandilangiza. Madzi a chimera ukawawiritsa, uwasiye mpaka afunde ngati madzi osambitsira khanda. Uponyemo chimera chosaphika chodzaza manja, utseke bwino, ufunditse bulangete. Masiku atatu asasa okha. Kenako uwiritsenso kuti kusasa kuime, uziziritse, uthire yisiti.

Ndinachita zonsezo m'ndowa, n'kuifunditsa bulangete langa lomwe. A Yosefe ankangoiyang'ana ngati maliro. Loweruka mowa unali waung'ono, wosakhwima, koma a Yosefe anatunga m'kapu n'kulawa, alendo akuyang'ana. Nkhope yawo inakwinyika, diso limodzi linatsinzinika, khosi linagwedezeka. Ndinayamba kuganiza za njira yakwathu.

"Wasasa," anatero. "Wasasa bwino!"

Sunali mowa wa chaka uja, ndipo anandiuza zimenezo kangapo. Koma ntchito ndinakhala nayo, ndipo amayi Zulu anayamba kubwera kumunda kudzakangana ndi a Yosefe za chimera.

Mpaka lero ndikaona chinthu chooneka chauve pantchito ya munthu, manja ndimayamba ndawaika kumbuyo, n'kufunsa mwini wake. Atate anamwalira akudandaula kuti zaka zonsezo sindinawabweretsere thobwa ngakhale kapu imodzi.