Mawu Amene Ankaodira kwa a Likaka

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene tinasamuka ku Lirangwe kubwera ku Chileka, mayi atapeza ntchito yokolopa ku bwalo la ndege. Ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, choncho ndikaweruka kusukulu ndinkapeza loko pachitseko, kiyi ali pansi pa mwala. Anzanga ndinalibe, ndipo cholakwa chinali pakamwa pangapa. Ine munthu ndikangomumva kawiri, mawu ake ndawatenga. Sabata yoyamba ndinatsanzira mmene mtsikana wotchuka m'kalasi mwathu analirira atakwapulidwa. Kalasi yonse inafa nako kuseka, koma kuyambira tsiku limenelo palibe anandiitanako ku fulaye. Mpaka lero ndimati ndinamukhoza.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali kamunda ka nandolo, kenako mpanda wa udzu. Mkati mwa mpandawo munkakhala a Likaka, bambo wachikulire amene kale ankanyamula zikwama ku bwalo la ndege komweko. Njerwa za nyumba yawo anaumba okha. Akazi awo anali atamwalira ife tisanafike, ana awo anali ku Joni, iwo anatsala ndi nkhunda zawo.

Tsiku lina masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndege itangodutsa n'kusiya malata akunjenjemera, ndinasowa chochita. Ndinakwawa mu nandolo muja mpaka pampanda, n'kukuwa m'mawu a abusa a kutchalitchi kwathu:

“Odi kuno!”

“Odini! Fikani, abusa!”

Anatuluka akumanga mabatani a shati, n'kusuzumira uku ndi uku. Kunalibe munthu. Ine ndinali chafufumimba, nditaluma diresi kuti kuseka kusamveke. Mawa lake ndinali wogulitsa usipa wapanjinga. Tsiku linalo ndinali mayi wa kalembera. Nthawi zonse ankatuluka mothamanga, ngati munthu amene wakhala akudikira.

Kenako ndinayesa mawu a azakhali anga a ku Lirangwe, amene akamaodira amakoka kumapeto: “Odi kunooo!” Ulendo uno sanayankhe msanga. Anatuluka pang'onopang'ono atanyamula mphasa, n'kuiyala pansi pa mtengo wa mango. Anakhala kumbali imodzi, mbali inayo n'kuisiya.

“Amake Fesitoni,” anatero chapansipansi, “mwabwera?”

Madzulo ndinafunsa mayi mozembera kuti Fesitoni ndi ndani. Anati ndi mwana wawo woyamba, wa ku Joni uja. Ndiye musaganize kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa bwinobwino kuti akundiyesa malemu akazi awo, ndipo mawa lake ndinapitanso.

Zinatenga mwezi wathunthu. Ndikaodira, ankayala mphasa n'kuyamba kufotokoza: nkhunda yoyera yaswa, denga likudontha pakona paja, bondo lakumanzere layambiranso. Kuseka kunandithera sabata yoyamba yomweyo, koma ndinkapitabe. Masana onse, kuyambira poweruka mpaka mayi kubwera, mawu a munthu amene ndinkamva anali okhawo. Ndinkagona chagada mu nandolo, fungo la fumbi lotentha lili m'mphuno, nyerere zikuyenda m'miyendo, ndikumvetsera nkhani zosauzidwa ine. Tsiku lina mpaka tulo tinandibera pomwepo.

Chimene sindinaganize n'chakuti mpanda wa udzu subisa mawu. Mayi a Gifiti, oyandikana nawo ogulitsa tomato, anawamva akuyankhula okha. Atawafunsa cha pampanda, a Likaka anayankha mosabisa kuti amake Fesitoni amabwera masana aliwonse. Pasanathe masiku atatu dera lonse linkati mdala uja wazungulira mutu. Wina anaimbira foni a Dayisoni, mwana wa mlongo wawo, wokhala ku Lirangwe.

Loweruka m'mawa a Dayisoni anafika ndi pikapu. Anthu anadzaza pabwalo paja, mayi anga ali pomwepo. Matiresi anali atakwezedwa kale, mipando iwiri, ndowa, chikwama cha zovala. A Likaka anali atagwira chitseko ndi manja awiri.

“Ine pano sindichoka. Nkhunda zanga adyetsa ndani? Manda a akazi anga ali apa, ku Lirangwe ndikalimira manda a yani?”

“Malume, mukucheza ndi akufa dzuwa likuwala,” anatero a Dayisoni. “Lero ndi mphasa, mawa mudzayatsa nyumba. Tiyeni kwathu tikakusamaleni.”

“Ndimawamva ine! Makutu anga ndi abwinobwino!”

“Mwamva nokha,” mayi a Gifiti anauza anthu, akupukusa mutu.

Ndinaima kumbuyo kwa mayi. Munthu amachotsedwa m'nyumba yomanga yekha chifukwa cha pakamwa panga. Ndikanangonena kuti ndine, ndani akanakhulupirira kamwana kobwera? Akanati ndikuwaikira kumbuyo. Ndiye ndinazemba, n'kuzungulira ku nandolo kuja, n'kukoka mpweya wonse.

“Odi kunooo!”

Abale, zimene zinachitika pamenepo ndidzazifotokozabe ndili nkhalamba. Mayi a Gifiti anataya beseni n'kuliyatsa liwiro akukuwa kuti “Yesu wanga ine!”, tomato ali mbwee pabwalo ponse. Dalaivala anadzitsekera m'pikapu n'kukweza magalasi. A Dayisoni, munthu wamkulu wa ndevu zake, anakabisala kumbuyo kwa malume awo omwe amati ndi openga aja. Ine ndinatulukira pachipata, masamba a nandolo ali m'mutu, misozi ya kuseka ili chuchuchu.

“Ndine,” ndinatero.

“Esime!” mayi anagwira m'chiuno. “Mwana iwe udzandiphetsa!”

Anandiuza kuti ndibwereze onse akuona, ndipo ndinabwereza. Ndinawonjezera abusa ndi wa usipa, mosapemphedwa. A Dayisoni anapukuta thukuta, n'kutembenukira anthu aja.

“Ndiye mwezi wonse munthu akuyala mphasa masana aliwonse, panalibe mmodzi wolowa kudzakhalapo n'kuona chikuchitika n'chiyani?”

“Ifetu timawapatsa moni pampanda,” anayankha mayi a Gifiti, amene anali atabwerera kudzatola tomato wawo.

“Munalowa liti muno komaliza?”

Anthu anayang'anana. Zinapezeka kuti ambiri analowa komaliza pa maliro a amake Fesitoni. A Dayisoni sanapitirize, chifukwa iwonso kubwera kwawo komaliza kunali komweko. Anangouza dalaivala kuti atsitse katundu.

Aliyense ankaseka tsopano, kupatula a Likaka. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Ndiye sanali iwo,” anatero.

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Madzulo mayi anandikwapula ndi patapata mpaka lamba wake kuduka, koma zimenezo zinapola mawa lake. Mawu atatu a a Likaka aja sanapole msanga.

Chilango china chinali chosesa pabwalo pa a Likaka mwezi wonse. Lolemba ndinaima pachipata ndi tsache, ndipo nditati ndiodire m'mawu anga enieni, anatuluka ang'onoang'ono ngati a munthu wina. Ndinali ndisanawagwiritsepo ntchito pakhomo pa aliyense ku Chileka. A Likaka anandilozera zinyalala ndi chibwano basi. Masiku atatu ndinasesa osayankhulitsidwa. Lachinayi, akuwaza gaga kwa nkhunda, anayankhula osandiyang'ana.

“Sunkakhozanso ayi. Amake Fesitoni sankakoka chonchija, ankadula.”

“Nanga munkayankhiranji, agogo?”

“Munthu ukakhala wekha sufunsa zambiri.” Kenako ananditembenukira. “Tandichitire abusa aja.”

Ndinawachitira abusa akulengeza za chitukuko cha mpingo, mpaka kakutsokomola kawo ka pakati pa mawu. A Likaka anaseka mpaka kukhala pansi, nkhunda zonse n'kuuluka. Mwezi unatha, tsache ndinalisiya, koma ndinkapitabe ndi makope anga kukalembera pakhonde pawo. Mayi a Gifiti, kaya ndi manyazi kaya n'chiyani, anayamba kumalowa ndi kambale ka ndiwo n'kukhalako pang'ono. A Likaka anamwalira ndili Fomu 1, m'nyumba mwawo momwemo, ndipo anaikidwa pafupi ndi akazi awo.

Panopa ndili Fomu 3. Kusukulu kwathu kuli gulu la zachifundo: kamodzi pa teremu timasonkha sopo, shuga ndi zovala, timapita kwa okalamba, timaimba nyimbo ziwiri, kujambulitsa, basi tabwerera. Sindikunyoza, sopo amafunika. Koma ndikamaona agogo aja atatigwira dzanja osafuna kulisiya pamene aphunzitsi akuti nthawi yatha, ndimadziwa chimene akupempha. Ndinauza anzanga kuti aliyense asankhe khomo limodzi la pafupi ndi kwawo, azipitako Lachitatu wamba, chimanjamanja, akhale mpaka mwininyumba atope naye. Anati zimenezo si zachifundo, n'kucheza chabe.

Mayi amandifunsabe ngati ndinapepesa kwa a Likaka. Sindinapepese, ndipo sindikuona chifukwa. Pa anthu onse aulemu, opemphera, a dera lija, amene anapita pakhomo paja masiku makumi atatu osaphonya anali mwana wamwano mmodzi, wobwera kudzaseka. Akuluakulu akafuna kuti ndichite manyazi, ayambe iwo.