Chiwanda cha M'paipi ku Barking

Ndikukumbukira nyumba yathu yoyamba ku Barking, ndili ndi zaka khumi, ine ndi amayi titangofika kumene m'dziko la azungu lino. Inali yopanikiza, yonunkha chinyontho ndi kapeti wakale. Loweruka lililonse masana amayi ankalandira anzawo akuntchito kudzapemphera pabalaza, ine n'kuthamangitsidwira kuchipinda cham'mwamba kuti ndiziwerenga.

Kumeneko ndinatulukira kanthu. Ndikagogoda ndi supuni hita yapakhoma yotenthetsa chipinda, phokoso linkatsetsereka m'paipi n'kukatulukira pabalaza kuseri kwa sofa, ngati muli munthu m'khoma. Ndiye ndinkadikira kuti ayambe nyimbo, ine n'kumawathirira mang'ombe: go, go, go.

Sabata yachitatu mapemphero anasanduka mtsutso, ine ndikumvetsera nditabisala pamasitepe. Anti Nachisale, namwino wamkulu thupi ndi mawu omwe, anati ziwanda ndi angelo amene anagwetsedwa kumwamba pamodzi ndi Satana. A Zulu, bambo a ku Zambia ogwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, anakana. Iwo anati ndi mizimu ya anthu amene sanaikidwe bwino, ndipo nyumba zakale za azungu zadzaza nayo.

"Chikanakhala cha azungu chikanadziwa bwanji nyimbo zathu?" anatero Anti. "Ichi n'chakumudzi. Chinakwera ndege m'chikwama cha munthu."

Ndinaluma juzi kuti ndisaseke. Koma kenaka Anti anafunsa amayi ngati anabweretsa chinthu chilichonse cha munthu wakufa. Amayi anakwera masitepe, kundidutsa osandiona n'komwe, n'kutsika atanyamula chipewa cha malemu bambo anga. Chinali chakhaki, chikununkhabe mafuta a m'mutu mwawo. Zawo zina zonse zinagawidwa pamaliro, ife tinatsala ndi chimenechi basi.

"Tikachitenthe kuseri," anatero Anti.

Amayi anavomera ndi mutu. Chiseko chija chinandithera m'mimba. Ndinatsika supuni ili m'manja, n'kuulula zonse maso ali pansi. Sanandikhulupirire mpaka nditabwerera m'mwamba n'kugogodanso iwo akumva.

A Zulu anaseka mpaka kuvula magalasi. Anti sanaseke ngakhale pang'ono.

"Mwaona? Chiwanda chilibe manja akeake," anatero. "Chimabwereka a mwana wosowa chochita."

Anandigwaditsa pakapeti paja, gulu lonse n'kundisanjika manja. Dzanja la Anti linali lolemera ngati mtondo. Anachidzudzula chiwandacho m'Chichewa, kenaka m'Chingerezi, kuopa kuti mwina chinali chitayamba kale sukulu. Pomwe ankati amen, mawondo anga anali atadindidwa maluwa a kapeti. Amayi sanandimenye. Anakabwezera chipewa m'sutikesi, anakhalitsa kuchipindako, ndipo potsika maso ali ofiira anangoti, "Katsuke supuniyo."

Lero ndine mayi wa ana awiri ku Romford. Mapemphero a Loweruka anasamukira pafoni, aliyense m'nyumba mwake, moti mwana wopulupudza alibenso pogogoda. Ana anga ziwanda amaziona m'mafilimu, ndipo akandifunsa m'Chingerezi ngati zilipodi, ndimawauza kuti kwathu kuno katswiri si ine. Anti Nachisale anapuma ntchito, amayendera ndodo. Tikakumana pamsika sandipatsa moni msanga. Amayamba andigwira manja onse awiri, kuwatembenuza uku ndi uku, n'kundiyang'ana m'maso.

"Mwanawe," amatero, "chinatulukadi?"