Msilikali wa pagalasi ndi anyani a m'dimba lathu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene mvula inatithawa kwathu, mbali za ku Ligowe. Chimanga cha kumunda chinafota chisanafike m'chiuno, moti abambo anangochiyang'ana kamodzi n'kusiya kuchitchula. Chimene chinatsala ndi kadimba kathu ka m'mbali mwa mtsinje, m'munsi mwa phiri. Tinkathirira ndi ndowa, madzi ake otunga m'zitsime zofukula pamchenga, mpaka khosi kuuma gwa. Aliyense m'nyumba mwathu ankadziwa kuti chimanga cha m'dimbamo ndicho chidzatiolotse kufikira mvula ina. Tsoka lake, anyani a m'phirimo nawonso ankadziwa.

Ntchito yolonda dimba inali ya achimwene anga a Lenadi, chifukwa abambo ankalawirira kukasaka maganyu m'midzi ina. Kwathu ngakhale mwana wa dzulo amadziwa kuti nyani saopa munthu wamkazi. Ungakuwe, ungagende miyala, amangokuyang'ana uku akudzikanda m'khwapa. Koma akangoona mwamuna ataima panjira yawo, amabwerera kuphiri. A Lenadi anali mnyamata wamtali, mawu atasintha kale. Mayeso a sitandade eiti anali atalembapo kangapo osasankhidwa kupita kusekondale, ndipo pa tchuthi chachitali chimenecho ankadikira kuti sukulu zikatsekulidwa akabwerezenso. Ine ntchito yanga inali yongowapititsira madzi akumwa ndi kachinangwa kophika.

Nthawi imeneyo boma linali litatitumizira mlangizi wa zaulimi wochokera ku Blantyre. Mlangiziyo analibe vuto ndi munthu, ankachoka m'mawa panjinga n'kubwera madzulo. Vuto linali mng'ono wake, a Juliyasi, amene anamutsatira kudzakhala naye. Anali munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake, koma khasu sanaligwirepo, ndipo ankayenda m'mudzi mwathu mphuno ili m'mwamba ngati tonse tinali kununkha. Chuma chake chonse chinali kabokosi ka gemu kamene msuweni wake anabwera nako kuchokera ku Joni. Ankakalumikiza ku kawailesi kakanema kakang'ono, ndipo zonsezo zinkayaka ndi batire la galimoto. Masiku amenewo dziko lathu linalibe nyumba youlutsira kanema, tsono kuona zinthu zikuyenda pagalasi kunali ngati matsenga.

Batire likatha moto, linkafunika kusenzedwa kupita kuchigayo kukatchajitsa. A Juliyasi, ndi mapewa awo osalalawo, sakanalisenza. Ndiye anapeza nzeru. Mnyamata wofuna kusewera ankayenera kusenza batire, kutunga madzi, kuwaza nkhuni kapena kuchapa nsapato. Anyamata a m'mudzi mwathu, amene amayi awo akawatuma kumjigo ankati ndi ntchito ya akazi, ankalimbirana ndowa za a Juliyasi. Paja amati chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina.

Atsikana sitinkaloledwa kulowa m'nyumba ya mlangiziyo, koma tsiku lina nditatumidwa kukaitana achimwene ndinasuzumira pawindo. Ndinkayembekezera zodabwitsa. Chimene ndinaona ndi kamunthu kosaposa chala changa chachikulu, kali ndi kalupanga ndi kachishango, kakuyendayenda m'nkhalango yojambula. Kanyimbo kake kanali kamodzimodzi, kobwerezabwereza ngati udzudzu wa kukhutu. Kamunthuko kakakumana ndi tizilombo kankatema, tizilomboto n'kuphulika, ndipo anyamata khumi a ndevu zomera ankadumpha ndi chimwemwe. Amene anagwira mabatani anali achimwene anga, lilime lili panja, thukuta kamukamu. Chiyambire ndinali ndisanawaonepo atalimbikira chinthu chotero.

Mawa lake kudimba ndinawaseka. Iwo sanakwiye, koma anayamba kundilalikira.

“Iwe Esinati sungamvetse. Ukamayamba umakhala wopanda kanthu, kalupanga kobuntha basi. Ukapha chilombo mphamvu zimakwera pomwepo, umachita kuziona. Kenako umapeza lupanga labwino, mankhwala, makiyi a m'mapanga. Ukafa umadzukanso. Ndipo msilikaliyo ndinamutcha dzina langa. Limachita kulembedwa pagalasi, Lenadi.”

“Nanga mukufunafuna chiyani m'mapangamo?”

“Mwana wamkazi wa mfumu. Anagwidwa ndi chinjoka.”

“Mukamupulumutsa adzabwera kuno kudzatithandiza kuthirira, eti?”

Anandigenda ndi chibuluma cha dothi. Koma kuyambira pamenepo ndinaona kuti thupi lawo lokha ndilo linkakhala pamsasa wa kudimba. Ankatola phesi n'kumatema mphepo, kujambula njira za m'mapanga pamchenga, kung'ung'udza kanyimbo konyansa kaja. Dzuwa likangopendeka ankathamangira kwa a Juliyasi, anyani asanakwere n'komwe kukagona. Ndinauza amayi, iwo anangoti ndi zachinyamata, zitha zokha.

Chimanga chinali chitakhwima bwino, ndevu zake zitayamba kuda, pamene tsiku lija linafika. Ndinapita ndi chinangwa chakumasana ndipo ndinapeza achimwene akuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Anali atafika pakhomo la phanga lomaliza. Batire anali atalisenza okha dzulo lake, ndipo a Juliyasi anali atawauza kuti akapanda kubwera masana omwewo, mnyamata wina ndiye amalize n'kudya moto wonse. Pansi panali mtolo: buluku lawo lakutchalitchi, jekete lakale la abambo ndi chipewa.

“Vala izi. Ungoima apa ndi ndodo. Ndibwera posachedwa.”

“Achimwene, mukufuna achipani andimange?”

Sindinkanena nthabwala. Masiku amenewo mkazi wovala buluku anali wophwanya lamulo, ndipo tinkamva za amayi amene anachititsidwa manyazi pamsika chifukwa cha zovala. Ine buluku ndinali ndisanaliyesepo ngakhale kuchipinda.

“Achipani adzatani kudimba kuno? Nyani amangoona buluku, basi. Akaona miyendo iwiri amati ndi mwamuna. Usayankhule, ungoima.”

Anali wamkulu kwa ine, ndipo kwathu mlongo wako wamkulu akalamula sutsutsa kawiri. Ndinavala. Bulukulo linali lalitali kwambiri moti ndinapinda miyendo yake, m'chiuno n'kumanga ndi luzi. Chipewa chinkatsikira m'maso. Achimwene anandiyang'ana, anagwedeza mutu ngati mmisiri wokhutira ndi ntchito yake, n'kuliyatsa liwiro. Imeneyo ndiyo inali nzeru ya munthu wogonjetsa zinjoka.

Kunali zii, dzuwa likuswa mtengo, nsalu yachilendoyo ikundiyabwa m'ntchafu. Mtima wanga unali pawiri: diso lina kuphiri, lina kunjira, kuopa kuti wina angandione. Kenako ndinamva miyala ikugubuduka. Nyani wamkulu, mtsogoleri wawo, anatsika n'kukhala pamwala tsidya la mtsinje. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti nyani ameneyo anali ndi nzeru kuposa onse amene anali m'nyumba ya a Juliyasi masana amenewo. Anayasamula, n'kutsika pamwalapo osafulumira.

Ndinaiwala zoti ndisayankhule. Ndinakuwa, ndipo mawu anga achitsikana anamaliza nkhani yonse. Gulu lonse linakhamukira m'dimba, aakazi ana ali pamsana. Amene sanaonepo anyani akudya chimanga sangamvetse. Sadya n'kumaliza ayi. Amathyola chinsononkho, kuluma kamodzi, kutaya, kuthyola china. Mapesi ankathyoka khwaa khwaa mbali zonse. Ndinaimba chitini choopsezera anyani, ndinagenda, ndinalira. Wamkulu uja ananditembenukira n'kuonetsa mano aatali achikasu, ndipo ndinathawa. Buluku linamasuka, linandikola miyendo, ndinagwa chafufumimba mumchenga. Ndinakhala pomwepo n'kumaonerera chakudya chathu chikutha.

Abambo anandipeza momwemo. Ganyu anali atakanika tsiku limenelo, ndiye anadzera kudimba. Anayang'ana mapesi, anayang'ana ine. Anavula malaya awo n'kundiponyera kuti ndidzifunde m'chiuno, ndivule bulukulo msanga munthu asanadutse. Sanandifunse zambiri, anangoti, “Ali kuti?” Nditawauza, anatenga dengu limene linali pamsasa n'kuyamba kutola zinsononkho zolumidwa, zamalovu, zamchenga. Litadzaza analisenza okha, ine ndikutsatira pambuyo.

Tisanafike n'komwe pakhomo la mlangizi tinamva chisangalalo. Anyamata ankaomba m'manja ndi kumenya mapazi pansi. Abambo analowa osaodira. Pagalasi panali chinjoka chikuphwanyika, kamunthu kaja katakweza kalupanga kake m'mwamba. Achimwene anali ataimirira, nkhope ikuwala monga sindinaionepo, ndipo anatembenuka kuti auze anzawo kuti achipha. M'malo mwa anzawo anaona abambo. Abambo anakhuthula dengu lonse pasimenti, pakati pa chipinda.

“A Juliyasi,” anatero mofatsa, “ndamva kuti m'kabokosi kanuka munthu zikamukanika amayambiranso. Tandionetsani podina pake, ndikayambirenso dimba langa.”

A Juliyasi sanadzuke pampando. Anachotsa chinsononkho chimodzi pansapato yawo ndi nsonga ya phazi.

“Madala, mwana wanuyu ine sindinamuitane. Amabwera yekha. Komanso mwandidetsera pansi apa.”

Ndinkaganiza kuti abambo awamenya, kapena aswa galasilo, ndipo ndikanakondwa. Koma a Juliyasi anali mng'ono wa munthu wa boma, ndipo masiku amenewo wosauka ankadziwa malire ake. Anangotola dengu lawo n'kutuluka. Achimwene anagwada n'kuyamba kusonkhanitsa zinsononkhozo m'malaya awo, kanyimbo kachipambano kakulirabe kumbuyo kwawo. Anyamata aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anawathandiza. Maso awo anali pa mabatani amene anasiyidwa pansi.

Kunyumba sikunamveke chikwapu. Abambo anangonena kuti m'nyumba mulibe chakudya cha anthu onse, ndipo kuti sukulu ya achimwene yathera pomwepo. Lole yotenga anthu kupita nawo kumaesiteti a fodya itabwera, achimwene anakwera ndi kathumba kawo. Ife otsala tinapulumuka chaka chimenecho ndi mango owiritsa, madeya ndi zikhawo za nthochi, ndipo sindifuna kukamba zambiri za zimenezo. A Juliyasi anapitiriza ufumu wawo. Kabokosi kawo kankasunga mayina ochepa okha, tsono sabata lomwelo anafufuta dzina la achimwene n'kulembapo la mnyamata wina amene anavomera kusenza batire. Mlangizi atasamutsidwa, nawonso anapita, osatsanzika kwa aliyense.

Achimwene anabwerera patapita zaka, ataonda, manja atachita zikang'a, akutsokomola fumbi la fodya. Kusukulu sanapondekonso. Tsiku lina tikupalira awiri, anandifunsa mosayang'ana kwa ine ngati dzina lawo linakhalitsa m'kabokosi kaja. Ndinawauza zoona. Anaseka pang'ono n'kupitiriza kupalira, kenako anati, “Paja ndi malo okhawo amene ndinakhozapo.”

Lero ndimakhala m'tauni, ndipo ndimadutsa timashopu ta magemu mmene ana amaunjikana kuyambira m'mawa. Zinjoka za masiku ano n'zokongola, zili ndi mamba ooneka bwino, ndipo zina zimakhala m'mafoni a amuna a maukwati awo. Anzanga amadabwa kuti anthu amapezamo chiyani. Ine sindidabwa, ndimadziwa bwino lomwe pamene pali kukoma kwake. Achimwene ankathirira dimba mvula osabwera, ankalemba mayeso dzina osatuluka, ndipo kunyumba kwathu sindikukumbukira tsiku limene wina anawauza kuti achita bwino. Kabokosi kaja kanawauza. Kankawerengera thukuta lawo lililonse n'kuwalipira pomwepo ndi kanyimbo.

N'chifukwa chake ndimakanyoza kwambiri tsopano kuposa mmene ndinkakanyozera ndili mwana. Kale ndinkati ndi chidole cha zitsiru. Tsopano ndimaona kuti ndi tambwali wodziwa ntchito yake, amene amafunafuna munthu wanjala ya kutamandidwa n'kumugula motchipa. Ana anga ndimawayamikira mokweza ngakhale pa zazing'ono, mpaka amachita nane manyazi. Sindichita zimenezi chifukwa cha ubwino wa mtima. Ndinaona mtengo umene mlongo wanga analipira kuti amve kamodzi kokha kuti wakhoza, ndipo sindifuna kuti mwana wanga akayambe kumva mawu amenewo kwa bokosi.