Anasimbi ndi Sikelo ya Mabulangete

Anasimbi anayamba kusita zovala mwana wawo woyamba akadali kumsana, ndipo pano mwanayo ali ndi wakenso kumsana. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kochapira zovala za hotela, ndipo linawakanirira moti ngakhale amuna awo akafuna kuwaseleula ankawaitana choncho. Anali mayi wathupi, wa manja olimba, wosakonda zolongolola pantchito. Shiti ikadutsa m'manja mwawo inkatuluka yopanda khwinya ngakhale limodzi. Koma chimene iwo ankanyadira kwambiri si kusitako ayi, koma kuti sankanama. Ndolo ya mlendo ikapezeka m'kati mwa pilo, inkafika kwa kapitawo tsiku lomwelo.

Chimene chinawagonjetsa ndi maondo. Kuima tsiku lonse patebulo lositira kunayamba kuwaliza, ndipo dokotala sanazungulire. "Mayi, maondowa asenza katundu wokwanira. Achotsereniko wina."

Mwana wawo wamkazi anawaikira pafoni kanthu kowerengera makalori, mphamvu imene chakudya chimalowetsa m'thupi. Anasimbi anaigwira nkhaniyi monga amagwirira ntchito ina iliyonse, mosaphonya. Supuni ya mafuta ophikira inkalowa m'foni. Kagawo ka buledi kankalowa. Ngakhale supuni yolawira mchere mumphika ankaiwerengera, amuna awo n'kumaseka kuti posachedwapa adzayamba kuwerengera ndi fungo lomwe.

Kuntchito anali ndi mnzawo wa ponda apa nane mpondepo, mayi woyendetsa makina ochapira, amene onse ankamutcha Wayilesi chifukwa pakamwa pake sipankazima. Awiriwa anali atagawana zambiri: chakudya chamasana, ambulera, misozi pamaliro a mayi ake a Wayilesi. Atamva za makalorizo, Wayilesi anawomba m'manja.

"Achemwali, tichepe limodzi! Lolemba lililonse tizikwera sikelo ya mabulangeteyi, tione amene akutsika."

Sikeloyo inali yapansi, yachitsulo, pakona pafupi ndi khomo, yoyezera mitolo ya mashiti isanalowe m'makina. Wayilesi ndiye ankalawirira kukayatsa makinawo, choncho anati iye azikwera m'mawa mlonda akuona. "Inu muzikwera masana tikatha kudya, sikelo ikapuma," anatero. Anasimbi sanaonepo vuto.

Poyamba zinayenda. Muvi wa sikelo unkatsika pang'onopang'ono, ndipo siketi ya yunifolomu inayamba kufuna kapini m'chiuno. Kenako linafika Lolemba lina. Anasimbi anakwera, gulu lonse la kochapira litazungulira makapu a tiyi ali m'manja, ndipo muvi uja unakwera ndi kilo imodzi ndi theka. Anatsika, n'kukweranso. Chimodzimodzi. Mutu unawaima. Mlungu wonsewo sanalawe shuga, ndipo paphwando la mdzukulu wawo anangoyang'ana keke ndi maso.

"Aa, achemwali," anatero Wayilesi mokweza, "chakudya sichilowa m'thupi ndi mphepo. Ululani, mumadyera kuti? Kuseri kwa mashiti?"

Anthu anafa nacho chiseko. Anasimbi anasekako pang'ono, koma m'kati munawawa. Lolemba lotsatira muviwo unatsikako kenako linalo n'kukweranso, pomwe wa Wayilesi, malinga ndi umboni wa mlonda, unkangotsika. Nthabwala ija inamera mizu. Wina ankati akawaona akulowa mosungira matawulo, ankafuula kuti, "Tigawireniko!" Tsiku lina anapeza chidutswa cha banzi chitaikidwa patebulo lawo, pafupi ndi simbi. Mayi amene zaka zonsezi mawu ake sankafuna mboni, tsopano anali wodya mobisa.

Kunyumba nako mwana wawo anayang'ana pafoni n'kufunsa mwaulemu, "Amayi, mwina pali zina zimene mukuiwala kulemba?" Funso limeneli linawapweteka kuposa banzi lija.

Ndiye anachita zimene munthu wonenezedwa amachita, kufuna kudziyeretsa mopitirira muyeso. Chakudya cham'mawa anachisiya. Masana ankamwa tiyi wopanda kanthu pamaso pa onse, kuti aliyense aone. Wayilesi ankakhala pambali pawo pabenchi akudya mpunga wake ndi nyemba, n'kumati, "Limbikirani, achemwali, mwina ulendo uno itsika." Sizinatenge nthawi. Tsiku lina lotentha, nthunzi ili tolotolo m'chipindamo, chizungulire chinawagwira ali pakati pa shiti, ndipo simbi inatera padzanja lawo lamanzere.

Kuchipatala, namwino amene anawamanga balalo anali mayi wachikulire wodekha. Atafunsa chimene chinachitika, Anasimbi anakhuthula zonse, misozi ili m'maso, ngati mwana wonamiziridwa kuba shuga.

"Mumakwera sikeloyo nthawi yanji?" anafunsa namwino.

"Masana, tikatha kudya."

"Mutavala chiyani?"

"Yunifolomu, epuloni ndi majombo."

"Mankhwala a maondo mukumwa?"

"Akavuta kwambiri."

Namwino anapukusa mutu. "Mayi, mafuta a m'thupi sabwera tsiku limodzi, sachokanso tsiku limodzi. Kilo imene yabwera lero n'kudzachoka mkuja, nthawi zambiri imakhala madzi. Mukadya zamchere thupi limasunga madzi. Mankhwala ngati anuwa nawo amatha kusungitsa madzi. Mukaima nthawi yaitali miyendo imatupa. Chakudya chimene mwangodya chimakhala chidakali m'mimba, nacho chimalemera. Muzikwera m'mawa, mutachoka kuchimbudzi, musanadye, ndipo muziona kumene mwezi wonse ukulowera, osati tsiku limodzi. Siketi yanuyo ikuti chiyani?"

"Ikufuna mapini awiri."

"Basi imvereni imeneyo. Ndipo kadyeni, musadziphe ndi njala."

Panjira yobwerera Anasimbi ankaseka okha. Iwo, amene ankadziwa bwino kuti bulangete lonyowa limafuna anthu awiri pomwe louma mwana amalinyamula, analephera bwanji kuganiza kuti thupi nalo limanyowa ndi kuuma? Mtima unapepuka. Munthu woyamba amene anafuna kumuuza anali Wayilesi, kuti nayenso asadzavutike muvi wake ukadzakwera. Paja mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Lolemba analawirira, bala lili m'bandeji. Makina anali asanayatsidwe. Pakona paja anapeza Wayilesi ali pasikelo wopanda majombo, wopanda epuloni, juzi ndi makiyi ataziika pansi, milomo ili gwa ndi ludzu. Botolo lake la madzi linali patebulo losatsekula. Mlonda anali atawerama kuwerenga muvi.

Anasimbi anaima pakhomo kanthawi. Maso awo anatera pa majombo aja.

"Mwalawirira lero, achemwali," anatero Wayilesi, akufunafuna majombo ndi phazi.

"Majombowo mwavuliranji?"

"Aa, amalemera."

"Madziwo simukumwa bwanji?"

Wayilesi anaseka kaseko kopanda mphamvu. "Ndimwa ndikatsika. Kuyambira dzulo madzulo sindinamwe, mchere sindinaukhudze. Si mmene amachitira onse? M'mawa munthu amapepuka, zimenezo ndi zodziwika."

Mlonda anaona kuti nkhaniyi si yake, n'kutuluka mwakachetechete.

"Ndiye munkadziwa," anatero Anasimbi. "Munkadziwa kuti masana munthu amalemera, inu n'kundiuza kuti ndizikwera masana. Munkadziwa kuti ndi madzi, inu n'kumauza anthu kuti ndimadya kuseri kwa mashiti."

"Zinali zocheza, achemwali."

"Pamene ndinkamwa tiyi wopanda kanthu pambali panu, zinali zocheza?" Anakweza dzanja lomangidwalo. "Ichinso n'chocheza?"

Wayilesi anatsika pasikelo paja. Anakhala pamtolo wa matawulo, jombo imodzi ili m'manja, maso ali pansi. Atayankhula, mawu ake anali otsika.

"Kapitawo akafuna kupereka chitsanzo, amatchula inu. Amuna anga akakwiya amati bwanji sindili ngati inu. Ana anu anaphunzira, anga ali pakhomo. Chinthu chimodzi chokhachi ndi chimene ndinkakuposani. Ndikanakuuzani, ndikanatsala ndi chiyani?"

Anasimbi anali atabwera ndi mkwiyo wokwanira kuyankha bodza, koma ichi sichinali bodza, ndipo chinawawa kwambiri kuposa bodza. Zaka zonse zija iwo ankayesa akugawana benchi ndi mnzawo, osadziwa kuti mnzawoyo ankawayeza tsiku ndi tsiku. Sanalalate. Sanalire.

"Mukanangondipempha," anatero Anasimbi. "Ndikanakusiyirani kupambanako, ndi manja awiri."

Wayilesi anatsegula pakamwa, koma anzawo anali atayamba kulowa, akupatsana moni ndi kupachika zikwama. Mmodzi anafuula mwachizolowezi, "Anasimbi, lero mwabisa chiyani?" Anasimbi anatembenuka. Anayang'ana Wayilesi, n'kudikira. Mawu awiri okha ochokera kwa iye akanakwanira kuwayeretsa pamaso pa onse. Wayilesi anavala jombo yake, anaimirira, n'kupita kukayatsa makina.