Kansalu ka Alamu

Achimwene atatsegula malo osewerera magemu a mpira pa Lirangwe, anandituma kukagula gilafikisi khadi, ija imayendetsa zithunzi pa kompyuta, poti ine ndinkadzitcha katswiri. Ku Limbe ndinasankha ya fani yofiira chifukwa inkaoneka yolusa. Za mphamvu yake sindinafunse n'komwe.

Zithunzi zitayamba kudukiza, ndinalowa m'masetingi n'kukweza liwiro la khadiyo mpaka kumapeto, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Posakhalitsa kunamveka fungo la tayala lopsa, sikirini n'kuda bii!

Achimwene atatulukira, ndinatola kansalu koluka kamene akazi awo ankafunditsa kompyutayo kuopa fumbi.

"Alamu anaiwala kuchotsa aka. Kaitsamwitsa," ndinatero, nkhope ili gwa.

Chonsecho alamuwo anali atakachotsa m'mawa ine ndikuona. Anagwada pamaso pa makasitomala onse, achimwene akuwanena kuti ndi mbuli yotheratu. Ine ndinkangovomereza ndi mutu. Ndinathiranso ndemanga: "Zinthuzi zimafuna sukulu, alamu."

Pa Khirisimasi alamu anandilukira kansalu kangakanga.

"Muzifunditsa kompyuta yanu, akatswiri," anatero, osamwetulira.