Mawu a Akazi Anga M'foni Yoyesera

Akazi anga atamwalira, mawu awo anatsala m'foni. Sanali mawu ondisiyira ine ayi. Iwo ankaimba m'gulu la amayi a kutchalitchi kwawo kufupi ndi Kabudula, ndipo popeza sankadziwa kuwerenga, nyimbo yatsopano ankaisunga poijambula. Foni inali imodzi pakhomo, yomwe anatigulira mwana wathu wamkazi wa kutauni. Ankaimba ndime imodzi kapena ziwiri, kenako n'kuiika pamphasa osaizimitsa. Ndiye nyimbo ikatha, foni inkapitiriza kutola chilichonse: akuswa mtedza, akupirikitsa nkhuku, akudandaula bondo, akundiitana kuti madzi osamba azizira. Pena ankandinena kwa mnzawo ine ndili kumunda, ndipo zomwe ankanenazo zinali zoona. Sindinali mwamuna wophweka kukhala naye, ndipo zina mwa izo sindizilemba pano.

Ndinakhala pachikamwini kwawoko ukwati wathu wonse. Titameta maliro, alamu anga, mlongo wawo wamkulu wa malemu, anasonkhanitsa abale n'kundisudzula monga mwa mwambo. Anandithokoza kuti ndinadwazika mpaka mapeto, anati tsopano ndine womasuka, ndikhoza kubwerera kwathu, ndikafuna ndikwatire. Munda, nyumba, chigafa cha fodya ndi mango omwe ndinabzala ndi manja anga zinatsala, chifukwa nthaka ndi ya kuchikazi. Sindinakangane ndi munthu. Ndinamanga zovala ndi khasu panjinga, foni m'thumba la jekete, ndi kupita kwa mlongo wanga kudera la Nambuma, kumudzi komwe ndinachoka tsitsi likadali lakuda.

Munthu wosudzulidwa amayenera kuoneka kuti wamasuka. Tsiku lina mlongo wanga anandipeza kuseri kwa nkhokwe foni ili pakhutu, malemu akuimba. Anaima pomwepo n'kundifunsa.

"Achimwene, anakusudzulani anthu akuona. Mukamawasunga m'thumba chonchi, iwo apuma bwanji?"

Ndinamulonjeza kuti ndifufuta. Sindinafufute. Kuyambira pamenepo ndinkakamvetsera kudimba, kumunsi kwa nzimbe komwe sikufika munthu. Sindinauzenso wina aliyense kuti mawuwo alipo, ngakhale mwana wanga. Ndinkaopa kuti auza azakhali ake, nkhani ifike kwa alamu, anthu azinena kuti mkulu uja mutu wayamba kusokonekera, akucheza ndi akufa.

Vuto linali makutu. Lakumanzere linatseka kalekale, lakumanja nalo linayamba kutsatira. Nyimbo ndinkaimva chifukwa ankaimba mokweza, koma zapambuyo pake zija, zomwe ndinkazifuna kwambiri, zinkamveka ngati munthu akulankhula kutsidya kwa mtsinje wodzaza. Mwezi uliwonse ankanka natalikira.

Foni ndinkakatchajitsa pamsika wa Nambuma, kwa wometa tsitsi yemwe ali ndi sola, ndipo netiweki pamenepo imagwira bwino. Tsiku lina nditaiyatsa panabwera uthenga wautali wa Chingerezi. Ine sukulu ndinaiyamba ndili ndi ana kale, ya kwacha poyamba, kenako ndinakakhala m'kalasi ndi tiana tomwe tinkanditchula kuti agogo. Kuwerenga ndinakuvutikira, n'chifukwa chake sinditaya chilembo. Ena akaona uthenga wotere amangodina kuti uchoke. Ine ndinakhala pabenchi n'kuuwerenga wonse, milomo ikuyenda.

Opanga foniyo ankaitana anthu oti ayese pulogalamu yatsopano yoyendetsera foni yonse, isanaperekedwe kwa aliyense. Anatchula zatsopano zingapo zomwe ine zinalibe nazo ntchito, koma chimodzi chinali chokweza ndi kuyeretsa mawu, kuthandiza anthu osamva bwino. Pansi pake panali chenjezo. Anati pulogalamuyo sinamalizidwe, ikhoza kuvuta, ndipo munthu asaiike pafoni yomwe amadalira tsiku ndi tsiku. Anatinso zofunika zisungidwe kaye kwina.

Chenjezolo ndinalimva bwinobwino. Koma ndinaliyeza ndi zomwe ndinkadziwa. Kale alangizi a zaulimi anandisankhapo kuti ndilime munda wachitsanzo, anandipatsa mbewu ya chimanga yomwe anzanga anali asanaione. Nawonso ananena kuti ndi yoyesera. Chimanga chake anthu ankachokera midzi ina kudzaona. Ndiye kwa ine chinthu choyesera chinali chinthu chabwino chomwe akuluakulu amayamba kupatsa anthu ochepa, ndipo chenjezo linali mawu ongonena kuti asadzawaimbe mlandu. Ndinaiwala kuti mbewu ija anandiuza kuti ndibzale pakangodya ka munda, kwina konse ndibzale yakale. Foni ilibe kangodya. Zosunga kwina nazo zinkafuna kuti ndipereke foni m'manja mwa munthu wina, aone zomwe zilimo. Ndinagula bandulo ya intaneti, ndi kudina kuvomera.

Inatenga masana onse. Foni inatentha, inazima, inayaka, inazimanso. Wometa uja ankandiseka kuti madala mwaiphika mbatata m'thumbamo. Itayaka komaliza zithunzi za pagalasi zinali zasintha maonekedwe, ndipo ndinapita kudimba osadzera kunyumba.

Ndisaname, masiku oyambawo chinthucho chinagwira ntchito. Ndinamva zomwe ndinali ndisanamvepo. Ndinamva akupuma asanayambe ndime. Ndinamva makoko a mtedza akugwera m'lichero. Panali pena pomwe kale ndinkangomva kung'ung'udza, tsopano ndinamva kuti akudzifunsa okha komwe aika singano, n'kudziyankha okha kuti ili pachitenje chomwe avala, n'kuseka. Ndinakhala pamzere wa mpiru mpaka dzuwa linapendeka.

Kenako kunabwera uthenga woti pulogalamuyo aikonzanso, ndilandire yatsopano. Zoyesera zimatero, amangotumiza zina pamwamba pa zina. Ndinalandira mokondwa. Kuchokera tsiku limenelo foni inasanduka chinthu china. Batire yomwe inkakhala masiku awiri inkatha dzuwa lisanafike pamutu. Galasi linkauma, chala chikuyenda koma palibe chosuntha. Munthu akaimba siinkalira, ndinkangopeza pambuyo pake kuti wina anandifuna, ndipo nthawi zina osaonetsa n'komwe. Choipitsitsa, ndikatsegula pomwe panali mawu a akazi anga, mndandanda unkaoneka wonse, koma ndikadina kuti ndimve, chinthucho chinkangodzitseka.

Chikadzitseka chonchi pankabwera kabokosi kondipempha kuti ndifotokoze chomwe chavuta. Ndinkalemba. Ndinayamba ndi Chingerezi changa chothyokathyoka, chitandithera ndinkalemba Chichewa. Ndinkayamba ndi moni, n'kufotokoza kuti ndine munthu wamkulu, kuti zina zonse asavutike nazo koma anditsegulire pomvera mawu pokha. Ndinkaganiza kuti monga alangizi aja ankabwera kudzayendera munda, opanga foniwo nawonso ali ndi munthu wowerenga. Mwina alipo. Yankho lomwe ndinkalandira linali limodzimodzi nthawi zonse, londithokoza chifukwa chothandiza.

Ndinakwera njinga mpaka ku Nsaru, komwe sandidziwa, kwa bambo wina wokonza mafoni. Anaitembenuza, anaiyatsa, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. Anandifunsa kuti ndi mdzukulu uti wandiikira zimenezi. Nditati ndaika ndekha, anaitana mnzake wa shopu yoyandikana kuti adzaone agogo oyesera mafoni azungu. Anaseka onse awiri, inenso ndinasekako. Kenako analumikiza chingwe kukompyuta yake kuti akoperemo zinthu zanga, koma kompyuta siinaione foniyo. Anasintha chingwe, chimodzimodzi. Anayesa kutumiza mawuwo kufoni yake, chinthu chija chinadzitseka asanafike pena paliponse.

Anandiuza kuti njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuifulasha, kutanthauza kuchotsa zonse n'kubwezeretsa pulogalamu yakale. Foni ikhala ngati yatsopano, koma chilichonse chomwe chilimo chipita, ndipo sichibwereranso. Yachiwiri ndi kudikira kuti eni ake atumize ina yokonzedwa, mwina mwezi uno, mwina chaka chamawa.

"Kodi muli chiyani chomwe mukukakamira, madala? Zithunzi za achibwenzi?"

Ndinati muli nyimbo za kutchalitchi. Anati nyimbo ali nazo zambiri, andiikira zabwino kuposa zimenezo. Ndinatenga foni yanga n'kubwerera.

Ndinasankha kudikira. Mawuwo analimo, ndinkawaona pamndandanda, tsiku lililonse lomwe anajambulidwa ndi kutalika kwake. Ndinkaisamala foniyo ngati wodwala. Ndinkaikulunga m'kansalu, ndinkaizimitsa kuti isatenthe, n'kumakaiyatsa pamsika kuona ngati kwabwera kanthu. Mvula inatha, tinakolola, fodya anapita kumsika. Kunabwera pulogalamu ina yomwe inakonza za batire koma pomvera mawu panakhala chimodzimodzi.

M'nyengo imeneyo abale a akazi anga anagwirizana zomanga chiliza pamanda a malemu. Alamu anandiimbira kangapo, foni osalira. Anatumiza uthenga, sunafike. Iwo anaona ngati ndikuwakana dala chifukwa cha munda ndi nyumba zija. Mwana wanga naye ankaimba osandipeza, koma anaganiza kuti amalume ake atuma munthu, pomwe amalume akewo ankaganiza kuti iye wandiuza. Chiliza anamanga, anthu anadya, m'busa anapemphera, mwamuna wa malemu kulibe. Ndinamva patapita masiku, kwa munthu wogula mtedza yemwe anandifunsa ngati ndinali kudwala.

Loweruka lotsatira mwana wanga anabwera. Ndi mayi wa ana atatu, amagwira ntchito yosoka, ndipo akakwiya salankhula mokweza, ngati mayi ake. Anandiuza kuti anachita manyazi pamaso pa anthu. Anati amalume ake ananena pagulu kuti ena akasudzulidwa amaiwala ndi njira yomwe. Ndinamufotokozera za pulogalamu yoyesera, kuti foni siilira. Anandifunsa chomwe ndinaikiramo zinthu zosapsa pafoni yomwe ndi yokhayo yondipezera, munthu wa matenda a shuga ngati ine. Ndinati ndinkafuna kumva bwino. Sanafunse kuti kumva chiyani. Mlongo wanga anali pomwepo akupeta, ndiye sindinatchule za mawu a amayi ake.

M'mawa mwake mwana wangayo ananena kuti akupita pamsika, ndimupatse foni akanditchajire. Ndinazengereza, koma kukana kukanafuna chifukwa. Ndinamupatsa, ndi kumuuza kuti angotchaja basi. Anati wamva. Ine ndinapita kutchalitchi.

Pobwera ndinamupeza pakhonde, nkhope itamasuka koyamba chibwerereni. Anandipatsa foni ili m'kachikwama katsopano. Anatulutsa yake n'kuimba, yanga inalira mokweza mpaka mbuzi inadzidzimuka. Anati anapeza wokonza pamsika pomwepo, waifulasha, zoyesera zija zachoka, ndipo manambala onse wandilembera kale kuchokera mufoni yake. Anati ndisadandaule, sanandiuze chifukwa amadziwa kuti ndikanakana, ndine wamakani.

Ndinatsegula pomwe pankakhala mndandanda uja. Panali poyera.

Ndinakhala pansi pakhonde. Anandifunsa ngati shuga wakwera. Mlongo wanga anali atapita kumjigo, tinali awiri. Ndinamuuza. Ndinamuuza za nyimbo, za foni yosiyidwa pamphasa, za kudimba.

Sanalire nthawi yomweyo. Anayang'ana foniyo m'manja mwanga n'kundifunsa.

"Ababa, chaka chonsechi munali ndi mawu a amayi?"

Ndinavomera.

"Osandimvetsako ngakhale kamodzi?"

Ndinati ndinkaopa anthu. Anati iye si anthu. Anati iye alibe kalikonse, chithunzi chimodzi chokha cha paukwati wa msuweni wake pomwe amayi ake anayang'ana kumbali. Anati mwana wake wamng'onoyo sakumbukanso kuti agogo ake ankalankhula bwanji. Kenako anakumbukira kuti wapereka foniyo ndi manja ake, waimirira pomwepo wokonza uja akufunsa ngati muli zofunika, iye n'kuyankha kuti mulibe. Apo ndi pomwe anagwira pakamwa.

Anathamangira kumsika ngakhale linali Lamulungu masana. Ndinamutsatira panjinga. Wokonzayo anali akutseka. Anatiuza mwaulemu kuti zikapita motero zapita, ngakhale kutauni sangazibweze, ndipo anatikumbutsa kuti anafunsa.

Tinabwerera wapansi, ine ndikukankha njinga. Pafupi ndi mlatho anandifunsa, osandiyang'ana, kuti amayi ake ankanena chiyani m'menemo. Ndinayamba kumuuza za bondo, za nkhuku zomwe ankazitukwana pozitchula mayina a anthu a m'mudzi. Ndinayesa kunena momwe iwo ankanenera, koma chomwe chinatuluka ndi mawu anga okhaokha, a nkhalamba yosamva, okwera mopitirira.

"Basi, ababa. Siyani."

Ndinasiya. Anagona kwa azakhali ake, ndipo m'mawa anakwera galimoto yoyamba ya kutauni. Amandiimbira Lamulungu lililonse kufunsa ngati ndamwa mankhwala, ndikayankha amati chabwino, n'kudula.