Nkhombe za a Crispín Ojeda

A Crispín Ojeda anali munthu wouma mutu, ndikunena ine Ña Eulalia amene ndakhala nawo moyandikana ku Humaitá kuyambira ndili mtsikana. Ntchito yawo inali yokongoletsa azeze ndi magitala. Ankatola nkhombe mumtsinje wa Paraguay, kudula zigoba zake zonyezimira m'tizidutswa, n'kumata pathabwa mpaka patuluke maluwa. Zapulasitiki za m'sitolo ankati n'kunyoza woimba.

Kenako kunabwera tinkhono tachilendo, akuti tinakwera sitima zochokera kutsidya kwa nyanja. Tating'ono ngati chikhadabo, koma kuswana kwake, mayo ine! Tinamatirira pamabwato, pamiyala, m'mapaipi. Tinamatiriranso pankhombe zija, mulu pamwamba pa mulu, mpaka nkhombe kulephera kuyasama n'kufa ndi njala.

Mkuluyu anasiya ntchito yake n'kuyamba ina yomwe palibe anamutuma. M'mawa uliwonse ankalowa mumtsinje mpaka m'chiuno, kufufuza ndi zala zakumapazi, kuvuula nkhombe yamoyo, kuikwecha ndi mswachi n'kuibwezera. Asodzi ankawaseka akumwa tereré, tiyi wathu wozizira uja, pamthunzi, amvekere mukatha kuzitsuka mano muzidzozenso mafuta, achimwene. A Crispín ankangopitiriza kukwecha. Pakapita nthawi pang'ono ankazipeza zitakutidwanso.

Zitatsala zongokwana chidebe chimodzi, anabwera kwathu chipewa chili m'manja. Ankafuna dziwe langa lakuseri kwa khola, la madzi a kasupe, losakhudzana ndi mtsinje. Ndinawauza kuti ng'ombe zanga sizimwa ndi alendo, komabe ndinalola. Anakwecha iliyonse mpaka mbee, ndinaona ndi maso angawa. Ndiye poopa kuti zingafere panjira, anazinyamula ndi madzi a mumtsinje omwewo, n'kukhuthulira zonse m'dziwe. Ndani akanadziwa kuti ana a tinkhonoto amayandama m'madzi osaoneka ndi maso?

Chaka chimenecho mkulu uja ananenepa. Ankakhala m'mbali mwa dziwe n'kumaziyankhula ngati nkhuku.

Chilimwe chotsatira paipi yochokera m'dziwe lija yopita komwera ng'ombe inatseka. Nditaidula ndinapeza tinkhono tili thothotho. Ndinapsa mtima kwabasi, ndipo ndinanyamuka ndi chidutswa cha paipicho kuti akandimve. Ndinawapeza ali kale m'dziwe, madzi m'chiuno. Pamtunda anali atayala nkhombe zawo, iliyonse itasanduka chibulumwa chakuda chonunkha. Chidutswa cha paipi chija ndinangochiponya pansi.

"Ña Eulalia," anatero osandiyang'ana, "m'dziwe lanuli munalibe choipa. Tinkhonoti ndinatibweretsa ndine."

Ndinati mwina yatsalako imodzi kumatopeko. Anapukusa mutu, koma anapitirizabe kufufuza ndi mapazi, uku ndi uku, mpaka dzuwa linapendeka. Ndinawasiya ali momwemo, ine n'kupita kukatungira ng'ombe madzi ndi ndowa.